Kabotolo ka ku Johannesburg ndi dzuwa la ku Dedza

Mwezi wa Julaye chaka chatha, Loweruka lina m'mawa chifunga chitaphimba phiri la Dedza mpaka m'tsinde, mphwanga anafika pakhomo panga atakoleka nsapato za mpira m'khosi. Ndi mwana wa mlongo wanga, ali ndi zaka 19, ndipo amasewera kutsogolo m'timu ina ya achinyamata kuno kwathu. Titangopatsana moni, anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa kabotolo koyera kamene mnzake wina wogwira ntchito ku Johannesburg anamutumizira kudzera kwa woyendetsa thiraki. Pakabotolopo panalembedwa kuti ndi vitamini D3, ndipo kambulu kalikonse kanali ndi ma IU 5,000 (IU ndi muyezo wa kuchuluka kwa vitamini).

"Malume, akuti osewera a ku Ulaya amamwa zimenezi, n'chifukwa chake satopa," anatero uku akugwedeza kabotoloko ngati chisekese. "Ine ndikumwa tiwiri m'mawa, tiwiri madzulo, kuti pofika masewero a kumapeto kwa mwezi miyendo ikhale italimba."

Ndinawerengera chamumtima n'kupeza kuti mnyamatayo ankameza ma IU 20,000 tsiku lililonse, kuwirikiza kasanu malire amene akatswiri amati munthu wamkulu asapyole popanda kuuzidwa ndi dokotala. Ndinamuuza kuti akhale pansi ayambe wamwa tiyi, chifukwa nkhaniyo sinali yokamba chiimire. Kumuseka sindikanatha, pakuti ineyo, amene ndimayenera kumulangiza monga mwinimbumba, ndinali nditadutsamo kale m'nkhani ya vitamini ameneyu, kungoti ndinalowera khomo lina. Iye ankamwa asakusowa, pamene ine ndinakhala ndikusowa kwa nthawi yaitali ndisakudziwa.

Ndinaphunzitsa kusekondale kwa zaka zambiri, ndipo masana ambiri ankandipeza pabwalo nditavala kabudula, ndikuphunzitsa ana kuthamanga ndi mpira wamanja. Nditasiya choko n'kuyamba ntchito yowerengera ndalama mu ofesi ina pa boma pano, moyo wanga unasintha mwakachetechete. Ndinkalowa ntchito dzuwa lisanabalalitse chifunga, nsima yamasana ndinkadyera padesiki, ndipo poweruka linkakhala litapendeka kale kulowera ku Mozambique. Kuthamanga sindinasiye, koma ndinkathamanga mbandakucha nditavala buluku lalitali, juzi ndi chipewa chaubweya, monga achitira aliyense wodziwa kuzizira kwa kuno. Ndinkadziyesa munthu wosamala thupi kuposa anzanga onse a mu ofesimo, ndipo nthawi zina ndinkawanyogodola ndithu.

Patapita zaka ngati zitatu, miyendo inayamba kundiuza zina. Sikunali kupweteka kobaya, koma kulemera kwa m'ntchafu ndi m'chiuno, moti podzuka pakampando kakafupi pamaliro ndinkachita kugwira m'mawondo ngati nkhalamba, ndipo chitunda cha njira yopita kuphiri, chimene kale ndinkakwera ndikucheza, chinayamba kundiimitsa kawiri. Malungo anandiyeza, shuga anandiyeza, magazi anapezeka okwanira. Ndinali nditavomereza kale kuti ndi ukalamba basi, pamene dokotala wina ku Lilongwe, mayi wodekha amene anandimvetsera osandidula mawu, anandifunsa kuti: "Bambo, kodi dzuwa mumaliwothera nthawi yanji?" Ndinaseka, chifukwa funso lotere ndinkati ndi lofunsa mzungu wa ku London, osati Mmalawi. Iwo sanaseke, anangonditumiza kukatengetsa magazi. Kuyeza kumeneku si kotchipa ndipo sikuchitika m'zipatala zazing'ono za kumudzi, koma ndinalimba mtima n'kulipira. Zotsatira zinaonetsa kuti vitamini D m'magazi mwanga anali pansi pa 30 nmol/L (muyezo umene amagwiritsa ntchito kulabotale), pamene akatswiri ambiri amati munthu amakhala bwino kuyambira pa 50 kupita m'mwamba, ndipo pansi pa 30 ndi kusowa kwenikweni kumene kumayamba kuwononga mafupa.

Dzina lakuti vitamini limasocheretsa pang'ono, chifukwa mavitamini ambiri timawapeza m'mbale, pamene uyu thupi limadzipangira lokha. M'khungu muli chinthu china cha m'gulu la mafuta chotchedwa 7-dehydrocholesterol, ndipo cheza cha dzuwa cha mtundu wa UVB chikachimenya, chimasandulika vitamini D3. Pamenepo amakhala asanapse. Amayenda m'magazi kupita kuchiwindi kumene amasinthidwa kukhala 25-hydroxyvitamin D, uja amene amamuyeza kulabotale, kenako impso zimamumalizitsa kukhala calcitriol, amene ndiye mwini ntchito. Ntchito yake yaikulu ndi kutsegula njira m'matumbo kuti kashiamu ndi fosifeti za m'chakudya, zimene zimamanga mafupa, zilowe m'magazi. Akasowa, matumbo amangotolako magawo 10 mpaka 15 pa magawo 100 a kashiamu amene munthu wadya, koma akakhala wokwanira amatola magawo 30 mpaka 40.

Thupi silingalole kuti kashiamu wa m'magazi atsike, pakuti mtima ndi minofu yonse zimadalira iyeyo kuti zikungike ndi kumasuka. Choncho akachepa, thupi limapita kukakongola kumafupa, ndipo likapitiriza kukongola osabweza, mafupa amafewa. Kwa mwana amene akukula zotsatira zake ndi matewe amene tonse tinawaonapo, ndipo kwa munthu wamkulu ndi kuphwanya kwa m'chiuno, m'nthiti ndi m'miyendo kumene madokotala amakutcha osteomalacia. Kwa wothamanga kapena wosewera mpira, amene fupa lake la msongolo limamenyedwa ndi nthaka kambirimbiri pa tsiku, fupa lofewa limayamba kuchita timing'alu ting'onoting'ono timene sitioneka ndi maso koma timamukhazika munthu pansi kwa miyezi.

Za minofu ndi zimene zinandikhudza kwambiri, chifukwa zinafotokoza ndendende zimene ndinkamva. Minofu yathu ili ndi ulusi wa mitundu iwiri ikuluikulu. Wina ndi wopirira, wogwira ntchito pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, umene umathandiza wa kabaza kupalasa kuchokera ku Bembeke mpaka pa boma atanyamula thumba la kachewere. Winawo ndi wofulumira, wa mphamvu ya kamodzin'kamodzi, umene umamudzutsa munthu pampando, kumudumphitsa pomenya mpira ndi mutu, ndiponso kumuthamangitsa mamita khumi oyambirira polimbirana mpira ndi wotchinga kumbuyo. Madokotala atayang'ana timinofu ta anthu osowa kwambiri vitamini D adapeza kuti ulusi wofulumirawu ndi umene umafota, ndipo kufooka kumayambira m'ntchafu, m'chiuno ndi m'mapewa. N'chifukwa chake ine ndinkatha kuyenda pamalo osalala kwa ola lathunthu osadandaula, koma kampando ka pamaliro kankandichititsa manyazi.

Apa m'pamene pali chiyambi cha mbiri imene inafika m'makutu mwa mphwanga, ndipo mbiriyo si ya dzulo. Mu 1919 dokotala wa ku Berlin, Kurt Huldschinsky, adachiritsa ana a matewe powawalitsa ndi nyali yotulutsa cheza chofanana ndi cha dzuwa, ndipo chaka chomwecho Edward Mellanby wa ku England adaonetsa kuti mafuta a chiwindi cha nsomba ya cod amachiritsa matendawo mwa agalu. Mu 1922 Elmer McCollum wa ku America adasonyeza kuti chochiritsacho ndi chinthu chapachokha, ndipo chidatchedwa D potsatira mavitamini A, B ndi C amene anali atadziwika kale. Posakhalitsa anthu a zamasewero ku Germany ndi ku Russia adayamba kuika osewera pansi pa nyali zija, ndipo mu 1938 ofufuza a ku Russia adalemba kuti ophunzira owalitsidwawo adayamba kuthamanga mamita 100 mofulumirapo kuposa anzawo amene adachita masewera omwewo popanda nyali. Chimene ofalitsa nkhaniyi saikapo ndi chakuti anthuwo ankakhala m'mayiko amene dzuwa limafooka kwa miyezi yambiri, ndipo kafukufuku wa nthawi imeneyo sankachitidwa mosamala ngati wa masiku ano.

Kafukufuku wamakono amene ine ndimamukhulupirira kwambiri sadachitikire pabwalo la mpira koma kumsasa wa asilikali. Joan Lappe wa ku yunivesite ya Creighton ndi anzake adatenga atsikana 5,201 amene ankayamba maphunziro a usilikali wa pamadzi ku America, ndipo theka la iwo ankapatsidwa kashiamu wokwana mamiligalamu 2,000 ndi vitamini D wokwana ma IU 800 tsiku lililonse kwa masabata 8, pamene enawo ankapatsidwa timibulu topanda mankhwala. Zotsatira zidatuluka mu 2008, ndipo zidasonyeza kuti timing'alu ta m'mafupa tija tidachepa ndi magawo 20 pa 100 alionse mwa amene ankamwa mankhwala enieni. Owerenga aone zinthu ziwiri pamenepa: mlingo wake unali wochepa, ndipo vitamini sanali yekha, anali limodzi ndi kashiamu. Atsikanawo sadasanduke akatswiri a liwiro, koma ambiri adamaliza maphunziro awo mafupa ali athunthu, ndipo aliyense amene anaphunzitsapo timu amadziwa kuti wosewera amene ali pabwalo amaposa katswiri amene wakhala pabenchi atamanga bandeji.

Za liwiro ndi mphamvu, umboni wake ndi wosakanikirana. Graeme Close ndi anzake a ku Liverpool adafalitsa mu 2013 kafukufuku wa kagulu kochepa ka osewera a ku Britain m'nyengo yozizira, ambiri mwa iwo ali ndi vitamini D wotsika, ndipo amene adamwa ma IU 5,000 patsiku kwa masabata 6 adapita patsogolo pa liwiro la mamita 10 ndi pa kudumpha. Koma gulu lomwelo la ofufuza litayesanso ndi osewera ena, powapatsa ma IU 20,000 kapena 40,000 pa sabata kwa masabata 12, vitamini adakwera m'magazi koma mphamvu ndi liwiro sizidasinthe. Kafukufuku wamkulu kwambiri wotchedwa VITAL, amene adatsata anthu achikulire 25,871 ku America, ambiri mwa iwo osasowa vitaminiyu, adapeza kuti ma IU 2,000 patsiku sadachepetse khansa, matenda a mtima, ngakhale kuthyoka kwa mafupa. Komiti yoyendetsa masewero a Olimpiki padziko lonse, m'chikalata chake cha 2018 chonena za mankhwala owonjezera m'thupi, idaika vitamini D m'gulu la zinthu zobwezeretsa chimene chasowa, osati m'gulu la zinthu zowonjezera mphamvu pampikisano.

Mlimi aliyense wa kachewere ku Dedza kapena ku Tsangano angaimvetse nkhaniyi msanga kuposa munthu wa m'tauni. Munda woguga ukauthira feteleza, kusintha kwake kumaoneka ndi wodutsa m'njira yemwe. Munda umene walandira kale feteleza wokwanira ukauthiranso thumba lina, zokolola sizikwera, ndalama ndi imene yalowa m'nthaka, ndipo ukapitiriza kuthira mbewu zimapsa. Ine ndinali munda woguga. Dokotala anandilembera mlingo woti ndimwe kwa miyezi itatu, anandiuza kuti nthawi yopuma masana ndizituluka panja kwa mphindi 30 nditapinda malaya ndi buluku, ndiponso kuti usipa usamasowe m'nyumba. Pofika mwezi wachitatu ndinkakwera chitunda chija osaima. Popeza zinthu zitatu zinasintha nthawi imodzi, ulemu sungapite kwa mapiritsi okha, koma miyendo inabwerera ndithu. Chimene sichinachitike n'chakuti sindinayambe kuthamanga kuposa mmene ndinkathamangira ndisanadwale. Ndinangobwerera pamene ndinali.

Mphwanga sananame ponena kuti osewera a ku Ulaya amamwa vitaminiyu, koma sanafunse chifukwa chake, ndipo akuluakulu adati safunsa adadya phula. Michael Holick ndi anzake adaonetsa mu 1988 kuti mumzinda wa Boston, kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, dzuwa limadutsa m'munsi kwambiri moti khungu silipanga vitamini D ngakhale munthu atakhala panja tsiku lonse, ndipo ku England ndi ku Sweden, amene ali kumpoto kuposa Boston, nyengo yotereyi imatalikirapo. Pamwamba pa izo, khungu lakuda lili ndi melanin wambiri, chinthu chopatsa khungu mtundu wake, amene amatchinga cheza cha UVB, chimene ndi chitetezo chabwino kuno kwathu, koma chimachititsa kuti tizifuna nthawi yotalikirapo padzuwa kuti tipange vitamini wofanana ndi wa mzungu. Choncho wosewera wochokera kuno akapita kumayiko ngati kumene Tabitha Chawinga adayambira kusewera mpira kunja, ku Sweden, kapena kumene Joyce Mvula adasewera mpira wamanja ku Manchester, masewero akenso a m'nyumba, amakhala pamalo pamene kabotolo kotere kali ndi ntchito yeniyeni, ndipo matimu akuluakulu ambiri kumeneko amayamba ayeza magazi asanapereke kanthu. Dedza ili pafupifupi madigiri 14 kummwera kwa equator, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pali nyanja yaikulu ya mchere, ndipo pamalo okwera cheza cha UVB chimakhala champhamvu kuposa kuchigwa. Kuzizira kwa Juni ndi Julaye kumatinamiza, koma dzuwa la masana kuno limapanga vitamini D chaka chonse. Vuto si dzuwa, ndi majekete ndi makoma amene timaika pakati pa ilo ndi khungu lathu.

Kukhala m'dziko ladzuwa si chitsimikizo, ndipo ine ndine mboni. Ofufuza a pachipatala cha zamasewero cha Aspetar ku Doha adapeza kuti osewera ambiri a ku Qatar anali ndi vitamini D wotsika, chifukwa kutentha kumawachititsa kuti aziphunzira masewero dzuwa litalowa. Mu 2020 Reagan Mogire wa ku Kenya ndi anzake adasonkhanitsa kafukufuku wa m'mayiko ambiri a mu Africa n'kupeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse anali pansi pa 50 nmol/L, ndipo anthu a m'mizinda, amayi ndi ana obadwa kumene ndi amene anali otsika kwambiri. Yerekezani ndi Amasai ndi Ahadza a ku Tanzania, amene amakhala panja tsiku lonse: kafukufuku wa 2012 adawapeza ali pa 115 nmol/L. Kusiyana kwa mlimi wa ku Linthipe ndi kalaliki wa kubanki n'kotero. Amene ndimawadera nkhawa ndi anyamata ogulitsa m'mashopu amene amapita kukanyamula zitsulo usiku, atsikana a m'maofesi amene amathamanga dzuwa lisanatuluke, ndi anthu onenepa, pakuti vitaminiyu amasungunuka m'mafuta ndipo amabisala m'mafuta a m'thupi m'malo moyenda m'magazi.

Palinso mankhwala ena odziwika kuno amene amachititsa chiwindi kuphwanya vitamini D mofulumira, monga phenobarbital, phenytoin ndi carbamazepine a matenda akugwa, rifampicin wa chifuwa chachikulu, ndi efavirenz amene anali m'ma ARV a anthu ambiri dziko lino lisanasinthire ku dolutegravir. Munthu asasiye mankhwala ake chifukwa cha zimenezi, koma ngati amachita masewero olimba ndipo miyendo yayamba kulemera, awauze adokotala ake.

Kuwothera dzuwa kulinso ndi nzeru yake, imene ine ndinaiphonya kwa zaka zonse zija. Dzuwa la m'mawa kwambiri ndi la madzulo limafunditsa thupi koma lilibe UVB wokwanira. Njira yapafupi yodziwira ndi kuyang'ana chithunzithunzi chako pansi: chikakhala chachifupi kuposa msinkhu wako, khungu likupanga vitamini, ndipo chikatalika kuposa iwe, ukungowotha chabe. Galasi la zenera limatchinga UVB, choncho kukhala pafupi ndi zenera mu ofesi kapena m'galimoto sikuthandiza kanthu. Nkhope yokha ndi zikhatho sizikwanira, pamafunika mikono ndi miyendo. Chosangalatsa n'chakuti dzuwa silingamupatse munthu vitamini D wopyola muyezo, pakuti akachuluka m'khungu cheza chomwecho chimamuphwanya. Koma apa ndiyenera kunena mosapsatira kuti malangizo amenewa si a abale athu a khungu lachialubino, amene dzuwa limawawotcha n'kuwabweretsera khansa ya pakhungu. Iwo apitirize kuvala zipewa, malaya aatali manja ndi mafuta oteteza, ndipo vitamini wawo amupeze kudzera m'chakudya ndi kuchipatala.

Zakudya zokhala ndi vitamini D ndi zochepa. Amapezeka m'nsomba zamafuta, m'kachikasu ka dzira, m'chiwindi, m'majarini ena amene amachita kumuthiramo kufakitale, ndiponso m'bowa amene wakhala padzuwa, kutanthauza kuti amayi athu poyanika bowa wa dzinja kuti adzadye m'chilimwe ankachita chinthu chanzeru kuposa mmene ankadziwira. Komabe m'maganizo anga, chimene chimasowa kwambiri m'mbale ya wosewera wa kuno si vitamini D koma mnzake uja, kashiamu. Nsima ili ndi kashiamu wochepa kwambiri, ndipo mkaka ambiri timangouona m'tiyi wa alendo. Tom Thacher ndi anzake, pogwira ntchito mumzinda wa Jos ku Nigeria, adafalitsa mu 1999 kuti ana a matewe kumeneko ankachira bwino akapatsidwa kashiamu kusiyana ndi akapatsidwa vitamini D yekha, chifukwa dzuwa anali nalo, chosowa chinali m'chakudya. Vitamini D amatsegula khomo la m'matumbo, koma ngati panja palibe wolowa, kutsegulako n'kwachabe. Usipa ndi matemba, zimene timadya ndi minga yomwe, pamodzi ndi bonongwe, chisoso ndi nkhwani, ndi zimene zimabweza ngongole ija ya kumafupa, ndipo mulu wa usipa pamsika wa Lizulu sufika n'komwe pamtengo wa kabotolo kochokera kunja.

Mlingo umene bungwe la Institute of Medicine la ku America lidakhazikitsa mu 2011 ndi ma IU 600 patsiku kwa munthu wa chaka chimodzi mpaka zaka 70, ma IU 800 kwa opitirira pamenepo, ndipo malire a munthu wamkulu ndi ma IU 4,000. Vitamini C akachuluka amatuluka ndi mkodzo, koma D amaunjikana m'thupi. Akapitirira kwa miyezi, kashiamu amasefukira m'magazi, ndipo munthu amayamba nseru, ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kudzimbidwa, miyala ya mu impso, ndiponso kufooka kwa minofu, chinthu chomwecho chimene ankathawa. Ku Australia amayi 2,256 a zaka 70 kupita m'tsogolo adalowa m'kafukufuku amene theka la iwo ankalandira ma IU 500,000 kamodzi pachaka, ndipo zotsatira za mu 2010 zidadabwitsa ofufuzawo, chifukwa olandira vitaminiwo ndi amene adagwa kwambiri ndi kuthyoka mafupa kwambiri. Vitamini D sali pamndandanda wa mankhwala oletsedwa m'masewero, koma botolo losadziwika kumene lapangidwa likhoza kukhala ndi zina zosalembedwa pachikuto, ndipo akakupeza nazo m'mkodzo, wolangidwa ndi iwe, osati mnzako amene anakutumizira.

Zonsezi sindinamuuze mphwanga tsiku limodzi, chifukwa mnyamata wa zaka 19 samvera ulaliki wautali. Ndinangomufunsa mmene tsiku lake limayendera. M'mawa amakhala kudimba atavala kabudula, masana amapita kubwalo dzuwa lili paliwombo, ndipo nthawi zambiri amavula ndi malaya omwe. Ngati pali munthu ku Dedza amene sasowa vitamini D, ndi iyeyo. Nditafunsa za chakudya m'pamene nkhani inatulukira: m'mawa tiyi wopanda chotsitsira, masana tchipisi cha pachiwaya, ndipo nsima yeniyeni kamodzi kokha usiku. Anali atadwalanso malungo kawiri m'dzinja, ndipo nsapato zija za m'khosi zinali zitatha kunsi moti bwalo louma la mu Julaye linkamumenya m'misongolo mwachindunji.

"Ndiye mukuti ndingotaya, malume? Mnzangayo anawononga ndalama zambiri."

"Usataye, koma usamwenso. Lolemba tipite limodzi kuchipatala akakuyeze magazi, ndipo kabotoloko tikawaonetse."

Kuchipatala anamupeza ndi magazi ochepa, anamupatsa mankhwala owonjezera magazi ndi a njoka za m'mimba, ndipo anamuuza kuti amwe madzi ambiri n'kusiya timibulu tija. Za nsapato zinagwera ine, monga mmene zimakhalira ndi amalume.

Pobwerera tinadzera kumudzi kukaona mayi anga, amene ndi agogo ake. Tinawapeza m'khitchini nthawi itakwana kale 12 koloko, atafunda bulangete pafupi ndi moto, ndipo mlongo wanga anatiuza kuti chiyambire kuzizira sanatulukepo kupatula popita kuchimbudzi, ndiponso kuti podzuka amachita kugwiridwa. Khungu la munthu wokalamba limapanga vitamini D wochepa kuposa la wachinyamata, ndipo zimene ndinkaona pamenepo ndinkazidziwa bwino m'ntchafu zanga zomwe. Ndinalemba papepala kuti ulendo wawo wotsatira wa kusikelo ya BP nkhaniyi ikafunsidwe. Mphwanga sanadikire kuti ndimutume. Ananyamula mphasa n'kukaiyala kuseri kwa nkhokwe kumene mphepo siwomba, kenako anabwera kudzawagwira mkono.

"Agogo, tiyeni panja, kwatuluka dzuwa."

"Iwe, ukufuna chisanu chindiphe?" anatero agogowo, koma anadzuka. Atakhala pamphasapo anavundukula bulangete, anakweza chitenje mpaka m'mawondo, n'kuitanitsa lichero la nyemba kuti azisankha.